Kansalu ka Ubatizo ka Agogo Anacleto

"Ayi aise, inyowetsenso ndione bwinobwino."

"Ndainyowetsa kale iwe, ukufuna isungunuke?"

"Inyowetse basi!"

Lucimara anaiviikanso m'beseni muja, kenako iye anagwira nsonga ziwiri, Taciane mnzake wa pa desiki imodzi kusukulu anagwira ziwiri zinazo, nkuitambasula moyang'anitsa dzuwa. Nde chinatulukanso. Nsalu imeneyi ikakhala youma ndi yoyera mbee, yolemererapo pang'ono, ya zoluka m'mbali, yaulemu ngati ya pa guwa. Koma ikanyowa eee, mkati mumaoneka buluu, pakati pa buluupo chozungulira choyera, pakati pa chozunguliracho chizindikiro chakuda chokhotakhota.

"Ichi ndi cha masamu ichi," anatero Lucimara. "Chija chophatikiza zonse chija. Nde bwanji ine masamu amandikana chonsecho nanenso anandikulunga momwemu?"

Taciane sanaseke. Ndipo Taciane akapanda kuseka mudziwe kuti zavuta, chifukwa mtsikana ameneyu amaseka ngakhale pa misa ya Lachisanu Loyera kkkk. Anasiya nsonga zake, kupukuta manja pa kabudula, kutulutsa foni.

Nkhani yake inali yotere. Rosilene, chemwali wake wa Lucimara, anabereka kamnyamata konenepa masaya, dzina lake Otávio, ndipo anasankha Lucimara kuti akhale mayi wa ubatizo. Lucimara, wa zaka sikisitini, amene mpunga umamupsererabe! Anasangalala mpaka analira, anauza kalasi yonse, anauza ndi mlonda wa pageti yemwe. Tsono kubanja kwawo mayi wa ubatizo ndi amene amachapa kansalu ka ubatizo yekha ndi manja, kukayala pa udzu kuti kayere, kukaviika m'madzi a ufa wa chinangwa kuti kaume gwa, kukasita, nkukulungamo mwana popita ku tchalitchi. Kansaluko kamakhala m'sutikesi mwa agogo Anacleto, agogo awo a mayi ake, madala a zaka pafupifupi nayinte amene anabatizidwira momwemo. Agogowo anamupatsa Lucimara ndi manja awiri, atavula chipewa. Ubatizo unali Lamulungu lomwelo.

"Mara," anatero Taciane, maso pa foni. "Iyi ndi mbendera."

"Ya timu yanji?"

"Si ya mpira, chitsiru iwe. Ya a malaya obiriwira. Aja tinaphunzira teremu yatha aja, iwe uli bize kupenta zikhadabo kumbuyo."

Anamuonetsa chithunzi chakale, amuna ali ndandanda, malaya ofanana, dzanja lamanja m'mwamba onse, ndipo kutsogolo kwawo mbendera ya chizindikiro chomwechija.

"Achifasisti akwathu konkuno," Taciane anapitiriza, chala chikutsetsereka pa foni. "Anaona a ku Italy akuguba, nawonso nkukasoketsa malaya. Zisankho ayi. Chipani chimodzi, mtsogoleri mmodzi, umalumbira kuti uzimumvera osafunsa. Ambiri mwa iwo Ayuda kudana nawo, a mabungwe a antchito kumenyana nawo m'misewu. Koma pakamwa Mulungu, Dziko, Banja, Mulungu, Dziko, Banja, ngati akupemphera kolona. Ndipo taona apa, analinso ndi kabatizidwe kawokawo. Wansembe akamathira madzi iwo onse manja m'mwamba, akamaliza amamukulunga mwana m'mbendera nkumuonetsa kwa anzawo, eti membala watsopano. Khanda aise. Lopanda ndi dzino lomwe."

Lucimara anayang'ana nsalu ija ikudontha madzi m'manja mwake. Anaganiza za masaya a Otávio.

Nthawi yomweyo chitseko cha kukhitchini chinatseguka, nkutuluka azakhali Zulmira, mwana wamkulu wa agogo, kapu ya khofi kumanja, banzi la tchizi kukamwa. Anayang'ana atsikanawo, anayang'ana nsalu, nkumeza bwinobwino osathamanga.

"Oo, waiona. Yanika msanga, ikauma chimasowa."

"Azakhali! Mumadziwa?"

"Iwe, ukuganiza kuti ndiwe woyamba kuchapa m'banja muno? Ine ndinaiona, mayi ako anaiona, amsuweni ako a ku Barbacena anaiona mpaka anagwetsa beseni. Aliyense amaiona yekha kuseri kuno, amati hii, kenako amasita."

"Nde simuuzana?"

"Tiuzane chani? Mwana amabatizidwa, timadya keke, nsalu imabwerera m'sutikesi."

Apa nde Taciane anaphulika, kuseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa. "Banja lonse azakhali? Zaka zonsezi? Aliyense akubisira mnzake chinthu chimene mnzakeyo akuchidziwa kale?"

"Iwe mwana wa eni, dzuka, unyowetsa kabudula." Kenako azakhali anatembenukira kwa Lucimara, nkuloza ndi kapu. "Ndipo iwe, usakawauze agogo ako zopusa. Mtima wawo uja ukuyendera mapiritsi. Ukufuna ubatizo ndi maliro sabata imodzi?"

Nde Lucimara anapeza nzeru, ndipo anaona ngati ndi nzeru zapamwamba zedi. Akawauze Bambo Josimar, ansembe a parishi, kuti aletse ndi iwowo. Akatero iye adzangopita kwa agogo ndi nkhope yachisoni, pepani agogo, tchalitchi chakana, ine ndimafuna. Basi!

Anawapeza kuseri kwa tchalitchi akupopa tayala la njinga yamoto, thukuta kamukamu. Bambo Josimar ndi achinyamata ndithu, amavala nsapato zothamangira ndi pa misa pomwe, azimayi a kwaya anadandaula mpaka anatopa. Lucimara anawaonetsa chithunzi cha nsalu yonyowa pa foni. Anakuza chithunzicho ndi zala, kuchichepetsa, kuchikuzanso.

"Mayi Maria," anatero. "Ine nsalu imeneyi ndaiwazapo madzi odalitsa kangapo konse. Ndinaiyamikiranso kuti ndi yokongola!"

"Nde muiletse, Bambo. Mukawauze agogo kuti tchalitchi chakana."

Anamuyang'ana cham'mbali. "Ukufuna woipa ndikhale ine kuti iwe ukhalebe mdzukulu wabwino, eti?"

"Eya, Bambo."

Anaseka, nkukhala pa mpando wa njinga. "Chabwino, wanena zoona, uli pafupi ndi kumwamba. Koma taona. Nthawi imeneyo tchalitchi chino sichinakane ayi. Anthu amenewa ankawatsegulira zitseko zonse ziwiri. Ansembe ena ankavala malaya obiriwira mkati mwa mkanjo. Ankaona mabenchi adzaza ndi anyamata ometa bwino, akutchula Mulungu mokweza, basi mitima pansi. Sankafunsa kuti Mulungu ameneyu bwanji akufunika zibonga ndi nsapato za asilikali. Analipo ena amene anakana, koma ochepa. Nde ine ndipite kwa madala aja, ndikayerekeze ngati ife tinali oyera kuyambira kale? Andithamangitsa ndi ndodo, ndipo akhala akulondola."

"Nde ndipite nayo?"

"Sindinatero. Ine sindisecha zofunda pakhomo. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Lamulungu mafunso ndidzafunsa iweyo, osati agogo ako, ndipo udzayankha m'malo mwa mwana amene sangayankhe. Ndikadzamuveka choyera, ndiye kuti Otávio si wa chipani, si wa mtsogoleri wina aliyense. Ngakhale agogo akowo si wawo kwenikweni, angobwerekedwa. Nsalu amabweretsa ndi mayi wa ubatizo. Tandigwirira pampu iyi."

Lucimara anagwira pampu, koma mtima uli fwaa. Potuluka pageti anamulembera Taciane kuti ansembe a masiku ano ukawapempha thandizo amakupatsa homuweki.

Tsiku lotsatira, atachokera kusukulu, anawapeza agogo pakhonde pomwe amakhala masana onse, moyang'ana msewu, akusenda lalanje ndi kampeni kawo kopinda, khungu lake likutsika limodzi losaduka. Anakhala pa sitepe pafupi ndi mapazi awo.

"Agogo, nsalu ija ndachapa."

"Waiona," anatero osadzutsa ndi mutu womwe. "Onse amabwera ndi nkhope imeneyo. Zulmira anatha sabata osandiyang'ana m'maso. Amaganiza kuti sindidziwa kuti akudziwa."

Koma banja ili kkkk.

"Bambo anga ndi amene ankainyamula akamaguba," anatero agogo, akumupatsa theka la lalanje. "Ine ndinali khanda loyamba m'tauni muno kubatizidwa mwa njira imeneyo. Kunabwera ndi bandi yomwe. Azakhali anga ankandifotokozera chaka chilichonse mpaka ndimaona ngati ndikukumbukira. Tandipatsa papaya ilo."

Lucimara anawapatsa papaya limene linali pa tebulo. Agogo analikulunga ndi kansalu kopukutira mbale, anadzuka pang'onopang'ono mawondo akulira, nkulinyamula ku dzanja lamanzere ngati khanda, nkhope ili siriyasi.

"Apa ndi pakhomo pa tchalitchi. Anzawo onse ali ndandanda uko. Bambo akuti, anzanga, uyu ndi Anacleto, walandira sakramenti lake loyamba, tsopano ndi wathu. Nde onse pamodzi moni wawo wa chipani, Anauê!"

Nkukweza dzanja lamanja. Koma phewa la agogo lili ndi nyamakazi, dzanja silikwera kupitirira pachifuwa. Linangofika pakati nkuima pomwepo, litaloza msewu. Ndipo nthawi yomweyo, anthu inu, basi ya ku msika inali ikutsika. Dalaivala anaona madala aimika dzanja, anaponda mabuleki, tsiii, chitseko nkutseguka.

"Tiyeni madala, mukwera kapena?"

"Sindikwera!"

"Nde mwandiimitsiranji?"

"Ndikubatiza papaya!"

Dalaivala anayang'ana agogo, anayang'ana papaya la m'kansalu, anachita chizindikiro cha mtanda, nkutseka chitseko. Anthu a m'basi onse makosi kumawindo. Lucimara anagona chagada pa sitepe, mpweya kumuthera, misozi mbwee. Agogo anayesa kukwiya koma zinakanika, anagwera pampando akuseka mpaka kutsokomola, papaya lili pamiyendo.

Kuseka kutatha, Lucimara anapukuta maso, nkunena msanga asanachite mantha.

"Agogo, ine sindipita nayo."

Agogo anaika papaya pansi. "Mulungu, Dziko, Banja. Choipa ndi chiti pamenepo? Tchula chimodzi."

"Palibe."

"Nde?"

"Koma ankalumbira kwa ndani?"

"Kwa mtsogoleri."

"Nde mtsogoleriyo ali pati pa zitatuzo? Anabisala kumbuyo kwa chiti?"

Agogo anamuloza ndi kampeni. "Wakuphunzitsa zimenezi ndi mnzako wa foni uja."

"Eya."

"Ndimadziwa. Wamano kunja uja." Anapinda kampeni, kukatsegula, kukapindanso. "Tamvera, kamwana iwe. Za mtsogoleri ine sindikuzidziwa, ndinali m'matewera. Chimene ndikudziwa ndi ichi." Anayamba kupinda zala. "Zulmira analowa mmenemo, alipo. Agogo ako aakazi analowa, alipo. Amalume awo a mayi ako onse, ana awo, adzukulu awo, mayi ako, Rosilene, iweyo. Nonse mulipo, mukudya, mukundisokosera." Chala chimodzi chinatsala chosapinda. "Cidinha sanalowe."

Lucimara ankalidziwa dzinalo. Cidinha anali mwana wachitatu wa agogo, amene anamwalira ali khanda, kachithunzi kake kali pa khoma pafupi ndi Mtima Woyera wa Yesu.

"Anamubatiza asisitere kuchipatala, ndi madzi a m'kapu. Nsalu ili kunyumba m'sutikesi. Ndinati ndithamange ndikatenge, anati musachoke." Agogo anayang'ana msewu. "Nde nsalu ikapanda kupita, ine sindipita. Sikuti ndakwiya ayi. Sindingakaime pamenepo kumaonerera."

Aliyense m'banjamo amadziwa kuti Cidinha anamubatizira kuchipatala chifukwa anali atadwala kale kwambiri. Koma zimenezo ungawauze bwanji madala amene chala chawo chikadali chilili chosapinda? Lucimara ankaganiza kuti akalimbana ndi wachifasisti, nde wapeza bambo amene akuopabe.

Anadzuka, anakatenga nsalu ija pa chingwe, youma tsopano, yoyera ngati sinalakwepo, nkuiika pamiyendo pawo. Amati angoibweza basi, kenako akalire kubafa. Koma zala za agogo zinapita zokha m'mbali mwa nsalu, nkumatsata msoko. Maso awo saonanso tinthu tating'ono, amaona ndi zala.

"Amayi anga awa," anatero. "Taona kuchepa kwa msoko. Makina sangathe."

"Anasoka ndi iwo?"

"Boma litaletsa chipani, apolisi ankalowa nyumba ndi nyumba. Bambo amati aikwirire m'chitini kudimba, eti tsiku lina adzagubanso. Amayi anatenga matumba awiri a ufa wa tirigu, anawachapa, kuwayala pa udzu mpaka kuyera, nkuitsekera pakati, kwina thumba kwina thumba. Apolisi anabwera, anapeza ine ndagona mmenemo, mmodzi anandigwiranso tsaya." Anaseka pang'ono. "Bambo sanawakhululukire. Ankati mwaveka dziko thumba. Amayi ankati, a Gumercindo, m'nyumba muno chilichonse chansalu chimafunditsa mwana. Zogubazo sankazifuna nkomwe. Ankati mwamuna wasiya golosale nkumakayenda m'fumbi ndi anzake, pobwera matuza okhaokha, ine ndizimuthira mchere."

Lucimara anagwira nsaluyo mbali iyi, anaitembenuza, anagwira mbali inayo. Konse thumba.

"Agogo. Nde azakhali Zulmira, mayi, Rosilene, ine, tonse amene mwatiwerenga aja. Khungu lathu linakhudza chani? Cha abambo anu kapena cha amayi anu?"

Zala za agogo zinaima.

"Usandizunguze mutu iwe."

"Ndangofunsa."

"Pita ukawathandize azakhali ako kusankha nyemba. Ana a masiku ano pakamwa ngati wailesi."

Anapita. Nsalu inatsala pamiyendo pawo.

Loweruka m'mawa Lucimara anadzuka maso otupa, atatsimikiza kuti agula kathawulo koyera kumsika ndipo agogo sabwera, ndipo chithunzi chilichonse cha ubatizo wa Otávio chidzakhala ndi dzenje chifukwa cha iyeyo. Anatuluka pakhonde ndi khofi wake nkuima chilili. Agogo anali pampando, magalasi awiri pamphuno, awo ndi a azakhali Zulmira pamwamba pake, kampeni kumanja, akutong'ola msoko umodziumodzi, lilime lili panja.

"Usandiyang'ane ngati ng'ombe," anatero. "Ngati pali munthu womasula msoko wa amayi anga, ndi ineyo. Iwe ungang'ambe. Gwira uku."

Anagwira. Agogo ankadula, iye nkumasolola ulusi, ndipo kaulusi kalikonse agogo ankati bweretsa, nkukaika m'thumba la malaya. Azakhali Zulmira anatuluka kufuna magalasi awo, anaona zimene zikuchitika, anatsegula pakamwa, anatseka, nkubwerera mkati chambuyo kkkk.

Mbali imodzi itatseguka, Lucimara analowetsa dzanja nkukoka mbendera ija. Ankayembekeza chinthu choopsa, koma chimene chinatuluka chinali kansanza kotuwa, kofumbwa, kobooka m'makona chifukwa cha kuchapidwa ndi azimayi onse aja amene ankati hii kenako nkusita. Chizindikiro chokha ndi chimene chinali chikadali chakuda bii. Ndipo mkati mwa matumba muja munali mukuonekabe, mozilala, chithunzi cha tambala wa kampani ya ufa.

"Tambala uyu!" Agogo anachita kufuula. "Buledi wa amayi ankachokera m'thumba la tambala ameneyu!" Anaika thumbalo kumphuno ngati buledi angamvekebe.

Kenako anatenga kambendera kaja, anakapinda bwinobwino kanayi, nkutuma Lucimara kuti akatenge chitini cha mabisiketi momwe muli chithunzi cha abambo awo. Anakaika pansi pa chithunzicho.

"Bambo anga ankapita ku misa tsiku lililonse," anatero.

"Ndikudziwa, agogo."

"Ankamenyanso anthu a njanji pa siteshoni, atachokera ku misa komweko. Amayi ankatero." Anatseka chitini, kuchidina m'mbali monse. "Ine ankandinyamula paphewa kukaona sitima. Kaya. Kabweze pamwamba pa kabati."

Zotsala zinali kulumikizanso matumba awiri aja, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mayi wa ubatizo, azakhali anakana kugwirako ngakhale singano. Nde Lucimara anasoka. Mayo ine. Msoko wake unkapita uku, kubwerera, kudumpha, pena waukulu ngati wa thumba la makala, anadzibaya mpaka chala chinatupa. Agogo anautsata ndi zala nkupuma mozama ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro.

"Mubwera mawa, agogo?"

"Ndiona mmene mawondo adzukire."

Basi.

Lamulungu mawondo sanadzuke. Anthu onse atavala, chitseko cha agogo chinali chotseka, ndipo azakhali Zulmira anati pitani, ine nditsala nawo. Lucimara anamunyamula Otávio m'matumba a tambala, opepuka ngati pepala, mtima ukugunda mpaka mwana ankagwedezeka. M'tchalitchi ankangotembenuka kuyang'ana kukhomo, Rosilene mpaka anamutsina. Bambo Josimar anafunsa mafunso awo aja, iye anayankha ndikukana, ndikukana, ndikukhulupirira, mawu akunjenjemera ngati a mbuzi. Anayandikira pa chitsime cha ubatizo. Kukhomo kunalibe munthu.

Kenako kunamveka go, go, go, ndodo pa simenti, ndi fungo la mankhwala a njenjete limene linafika kutsogolo mwini wake asanafike. Agogo Anacleto, suti yakuda, tayi yokhota, azakhali Zulmira pambuyo akupuma wefuwefu ndi chipewa chawo m'manja. Sanakhale pa benchi ayi. Anadutsa anthu onse mpaka pa chitsime, anagwira nsonga ya nsalu, kuitikita ndi zala.

"Yapepuka," ananong'ona, koma kunong'ona kwa agogo kumamveka mpaka kukwaya.

"Ndi ya amayi anu yokhayokha," anatero Lucimara.

Anaika dzanja pa chifuwa cha Otávio, kumvera ngati akupuma. Amapuma, amayamwanso chibakera. Dzanjalo sanalichotse. Bambo Josimar anathira madzi, m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, nkumafuna kuika kachikho pansi.

"Onjezerani, Bambo."

"Pepani madala?"

"Madzi. Onjezeraniko pang'ono. Nsalu yachepa mphamvu."

Rosilene anabisa nkhope. Bambo Josimar anayang'ana agogo, anayang'ana dzanja lija lili pa chifuwa cha mwana, nkunena motsitsa kuti, "Ubatizo watha kale, madala, wagwira ndithu. Awa ndi ongowonjezera, a inuyo." Anatunga kachikho kodzaza, khuthu pamutu pa Otávio.

Mwana anakuwa! Anakuwa mpaka nkhunda za padenga zinathawa, nkhope yofiira ngati tomato, miyendo ikumenya matumba a tambala. Ndipo agogo anayamba kuseka, misozi ikutsikira m'makwinya mpaka pa tayi.

"Mwamva mapapo amenewo? Mwamva? Uyu sapita kulikonse uyu. Bweretsa kuno, kamwana iwe, ndimunyamule."

Lucimara anawapatsa, anawakhazika pa benchi yakutsogolo, nkuwajambula mobisa ngakhale Bambo Josimar amaletsa mafoni pa misa. Chithunzicho anamutumizira Taciane, amene anatsala kwawo kulera azing'ono ake, nkulemba pansi pake kuti ABWERA AISE ABWERA. Foni inanjenjemera asanaibweze ndi m'chikwama momwe.

"Aaaa agogo akulira kuposa mwana kkkkk ndafa ine. Uwauze kuti wamano kunja akuti awoneka bwino mu suti. Koma Mara msoko uwo wasoka ndi phazi? Ukalape. Undisungire keke, ya pakona, ndikubwera."